Manda a Pansi pa Nsapato

Loweruka, 7 Juni

Atupele wandiikira foni yolemba yokha ndikamalankhula. Ndilankhula pang'onopang'ono, ingandinamizire.

Lero mwana wangayu ndi mwamuna wake Henderson ananditenga pagalimoto kuchokera kuno ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, mpaka ku England, kupitirira Carlisle. Akuti ndikaone matchalitchi akale, popeza ndine mkulu wa mpingo. Ndinavala jekete ndi tayi.

Tchalitchi chamiyala, chozizira ngati kumtsinje. Wopemphera palibe. Ojambula zithunzi okhaokha. Pansi miyala yolembedwa mayina. Ndinafunsa. Akuti ndi manda. Manda m'kati mwa tchalitchi, anthu nkumapondapo ndi nsapato! Ndinabwerera pakhomo. Henderson akuti, "Ababa, amenewa anafa kalekale." Ngati wakufa kalekale si munthu.

Lamulungu, 8 Juni

Mwendo watupanso. Kumapemphero ku Springburn sindinapite. Mapiritsi a mtima akundizunguza mutu.

Loweruka, 21 Juni

Ulendo wina ku England. Kamudzi ka nkhosa, katchalitchi kochepa kuposa vesitile yathu. Manda ake kunja, udzu wotchetcha bwino, maluwa. Atupele tchalitchicho sanachiyang'ane nkomwe. Amangozungulira mandawo. "Taonani ukhondo wake, Ababa. Ngakhale ku Glasgow otere aliko. Basi imafika."

Basi imafika!

Sukulu ndinalekera Sitandade 3, koma sindine chitsiru. Chichokereni kwa dokotala wanga, Atupele ndi Henderson akhala akunong'onezana m'khitchini. Sakundionetsa matchalitchi awa. Akundizoloweretsa dothi lachilendo. Pobwera anandigulira tiyi. Anazizirira m'kapu momwemo.

Lolemba, 23 Juni

Atupele ndamuuza maso ndi maso. Ine ndikagona ku Domasi, pambali pa mayi ake. Malowo ndinawasiya dala. Njerwa za tchalitchi chathu ndinaumba ndi manja awa, maliro anga akaimbidwa mmenemo, m'chinenero chimene ndimamva. Mwana kukamba za manda a bambo ake ali moyo, akudya, akuyenda! Malodza.

Analira. Alire.

Lachinayi, 3 Julayi

Masiku onsewa moni yekha. "Mwadzuka bwanji." "Ndadzuka." Basi.

Lero anabwera kudzandisisita mwendo. Osandiyang'ana kumaso. Mawu ake ndawasunga: "Ndidzakuperekezani ku Domasi, Ababa, ndalonjeza. Koma pamanda a amayi akulambula ndani? Achimwene ali ku Joni, ine ndili kuno. Ndimangofuna poti ndizifika, ndizikuseserani ndekha."

Ndinachotsa mwendo wanga. Ndinamuuza atuluke.

Koma amene ankalambula ndi mlongo wanga, ndipo tinamuika chaka chatha. Chichokereni ine, dzinja lathunthu ladutsa. Sindinafunsepo munthu. Ine, amene ndimakwiyira nsapato za eni ake. Udzu pa mkazi wanga uyenera kuti wafika m'chiuno.

Akandipititsa, akandiika, akwera ndege. Tchire lidzatikwirira tonse awiri. Akandiika kuno, mkazi wanga atsala yekha.

Atupele ndamuitana. Ndati aimbire Tadeyo, mdzukulu wa mlongo wanga, anole khasu, akalambule mawa m'mawa. Waimba ndili pomwepo. Atatha anaima pakhomo, foni m'manja, kudikira kuti ndinena chiyani za ine.

Adikire.