Galu Wabwino Sathawa

Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Zimene akukuuzani zoti ndinamenya amuna anga ndi mpando ndi bodza. Inali ketulo, tiyi ali momwemo.

Ku gulu lathu lowerenga mabuku tinkakambirana buku lina limene wosimba nkhani ndi galu. Mbuye wake amamukwapula ndi tcheni, iye n'kumanyambita dzanja lomwelo. Amunangawo, ndi digiri yawo ija, anati, "Galu wabwino sathawa. Amayi, yunivesite inakukanikani, koma apa pokha mwamva." Anthu anaseka. Ine nthiti zimene amunangawo anandithyola zija zinali zisanapole.

Kodi kachipinda kanu kakuseri kaja kakadali kopanda munthu?

Ndine mwana wanu wamakani uja.

Amunangawo anawasoka pamphumi. Akutuluka m'chipatala Lachisanu.