Khoma Lomwe Ndinapaka Laimu

Okondedwa Azakhali,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata. Kuno tili bwino, kungoti mwendo wa amayi uja sunasiye.

Sabata yatha kunabwera ophunzira zojambula mapulani a nyumba. Anaima nthawi yaitali pakhoma la shopu yakale tikukhalamoyi, pomwe penti inamatuka, akuyang'ana zilembo zofufutika za "telala" zomwe analemba malemu agogo. Anati abweranso Lachisanu.

Ndinachita manyazi, ndinkayesa akutiseka umphawi. Lachinayi ndinagula laimu n'kupaka khoma lonse mosamala, kawiri.

Atabwera, mtsikana wina anagwira khomalo n'kufunsa kuti, "Achemwali, zilembo zija zapita kuti?" Anati amafuna kuzionetsa kwa mwini nyumba, aone kuti nyumbayi ili ndi mbiri, asaigwetse. Sanandikalipire. Pochoka anachita kundithokoza chifukwa cha madzi akumwa, ine n'kusowa poyang'ana.

Amayi akungoyamikira kuti khoma lawala. Zinazo sindinawauze. Mwini nyumba abwera kumapeto kwa mwezi ndi munthu woyeza malo.

Azakhali, kodi chipinda chanu chakuseri chija mukusungiramobe katundu? Ndangofunsa chabe.

Ndine mwana wa achimwene anu. Chonde mundiyankhe msanga.