Kapaipi Sitipukuta

La Plata,
12 Novembala 2023.

Okondedwa achemwali Herminia,

Ndalemba pamanja chifukwa foni munanditumizira ija ndi yamwano, ndikalemba zanga iyo imalemba zake. Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere lomwe limalosera mvula kuposa a pa wailesi. Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Vigo sikunakutsekeni pakamwa, poti madokotala analephera.

Mwafunsa kuti akugona m'chipinda chanu ndani, popeza Pocha woyandikana nafe uja wakuuzani kale theka. Mayi ameneyu akanakhala wailesi bwenzi titamuchotsa mabatire. Nyumbayi amayi anatisiyira tonse awiri, ndiye mukanena kuti munthuyo achoke, achokadi. Koma muyambe mwamva kwa ine.

Dzina lake ndi Wilmer, kwawo ndi ku Honduras, ndipo akuphunzira udokotala wa ziweto kuyunivesite kuno. Anafika mu Malichi ndi chikwama chimodzi ndi jekete lopyapyala ngati pepala la ndudu. Ndinamulandira monga timachitira, kumupsompsona patsaya. Mwana anangouma gwa ngati mtengo wa magetsi. Patapita nthawi ndi pamene anandiuza kuti kwawo amuna sachita zimenezo, ndipo iye anakula akulondera manja ake, mayendedwe ake, ngakhale kasekedwe, kuopa kuti anthu angamuone kanthu.

"Ndiye ndangofika kuno, agogo," akutero, "ndikuona woyendetsa basi akupsompsona wapolisi. Ndinkayesa mzinda wonse ukundinena."

Miyezi yoyambayo anavutika. Kuzizira kwa mu Julayi kunamugonetsa ndi masokosi m'manja. Aphunzitsi akamayankhula samawamva, akuti timayankhula ngati tikuthamangitsa basi. Chakudya chamadzulo amachifuna dzuwa likadali pamwamba. Nyemba amaphika tsiku lililonse, moti masiku ano ndimaimba nyimbo zimene sindinaphunzirepo.

Tsiku loyamba kumwa yerba, tiyi wathu uja timamwa mopatsirana chikho chimodzi pokoka ndi kapaipi kachitsulo, anatenga kapaipiko n'kuyamba kutakasa m'chikho ngati phala. Ndinamuuza malamulo: kapaipi sititakasira, sitipukuta, ndipo chikho chimabwerera kwa wothira madzi. Anaphunzira, moti pano wothira m'nyumba muno ndi iyeyo.

Tsopano nkhani ya Pocha ija. Pali mnyamata wina, Lautaro, wa konkuno, wophunzira zoimba, amene ankabwera kudzawerenga naye. M'mawa wina tili kukhitchini, Wilmer anagwira chikho nthawi yaitali osamwa.

"Agogo, Lautaro uja si wongowerenga naye. Ndi chibwenzi changa."

"Ndimadabwatu," ndinatero. "Wina za ng'ombe, wina za nyimbo. Ndimati kapena mukufuna kuphunzitsa ng'ombe gitala."

"Simunakwiye?"

"Ndakwiya. Chikhocho wachigwira ngati ukulalikira nacho, madzi akuzizira. Imwa, undithirire."

Anamwa, anathira, ine n'kumwa. Ndinaona kuti maso ake ali pakamwa panga. Ndinayesa mano anga ogula aja asuntha, koma ayi. Anandiuza kuti kwa amalume ake, atangoyamba kumukayikira, anamupatulira kapu yakeyake, n'kuimanga kaulusi kofiira pachogwirira kuti ana asamwere. Ananena akumwetulira, ngati akunena za nyengo. Ine nthabwala inandithawa, ndipo mukudziwa kuti zimenezo sizichitikachitika.

Lamlungu lapitali tinali pansi pa mpesa kuseri, tikusewera makadi: ine, anyamata awiriwa, ndi Cacho mnzanga wa kunjanji uja. Pocha anali atamupeza kale Cacho kogula buledi n'kumunong'oneza za anyamatawa. Chikho chinayamba kuzungulira, Wilmer akuthira. Atamwa Lautaro, chinafika kwa Cacho. Mkulu uja anapisa m'thumba, n'kutulutsa kampango, n'kupukuta kapaipi bwinobwino ngati akupukuta magalasi.

Achemwali, inu mukudziwa. Bambo athu anathamangitsa wogulitsa nsalu pakhomo pano chifukwa cha zomwezo. Wilmer anaika ketulo pansi, akuti wakumbukira kuti ali ndi zowerenga.

"Khala pansi, mwanawe," ndinatero. "Iwe Cacho, kampango kameneko wakhala ukuminira chiyambire sitima za malasha. Ukutsuka kapaipi kapena ukukadetsa?"

"Ndi chimfine, aise."

"Chimfine cha ndani? Moyo wako wonse wamwa pambuyo panga, ine amene mano anga amagona m'tambula. Unkamwa pambuyo pa malemu Benigno wotafuna fodya uja, amene akayasamula ntchentche zimakomoka. Lero wapeza ana otsuka m'kamwa, ndiye chimfine chabwera?"

Ndinamulanda chikho, ndinamwa ndekha, n'kuuza Wilmer kuti wodwala timudumphe, angatipatsire. Chinazungulira, Cacho tinamudumpha. Chinazunguliranso, tinamudumphanso. Ankachitsatira ndi maso ngati galu wa pabutchala. Makadi anayamba kuponya molakwika, ine n'kumadya bwino. Kunena zoona, ndikanapitiriza mpaka Khirisimasi.

Koma mwanayu mtima wake si wanga. Itafika nthawi yake anamwa, anathira madzi, n'kutambasula dzanja.

"Bambo Cacho, madzi akuzizira."

Cacho anayang'ana chikho, anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mphesa. Kampango kaja anakabwezera m'thumba. Anamwa mpaka kapaipi kanalira pansi pa chikho.

"Iwe wa ku Honduras," akutero, "madzi awa waŵiritsa kwambiri, wapsereza masamba. Kuyunivesiteko amakuphunzitsani chiyani?"

Mukumudziwa Cacho, akakunyoza ndiye kuti wakulandira. Wilmer anaseka, kuseka kwenikweni kuja ankabisa kwawo, kokweza ngati bulu. Pocha ayenera kuti anagwa pampando umene amakwerapo posuzumira kumpanda. Pochoka Cacho anatipsompsona tonse atatu, koma Lautaro anamuuza kuti akamete.

Tikutsuka mbale ndinamufunsa Wilmer ngati dziko lathu walizolowera. Anati ayi. Akuti amasowa amayi ake, amasowa nyanja yofunda, ndipo nthochi zathu n'zomvetsa chisoni. "Koma kuno, agogo, ndimayenda manja ali pomwe afuna. Mutu umatsala ndi malo owerengera." Mayeso onse wakhoza, kupatula a phunziro limodzi la mafupa a kavalo, ndipo ndamuuza kuti kavaloyo sadandaula. Amayi ake akaimba foni, Lautaro amakhala "mnzanga wa m'kalasi". Zimenezo ndi zake, adzanena yekha nthawi yake.

Pempho langa ndi ili. Pa Khirisimasi sapita kwawo, ndipo ndikufuna apitirire kukhala muno mpaka atamaliza sukulu. Mukabwera mudzagona m'chipinda changa, ine ndidzagona pasofa, bondo lidzadandaula koma silivota. Ndikudziwa kuti mutenga kolona n'kukafunsa abambo mfumu. Kafunseni, koma muwauzenso kuti mwanayu ndi amene amathirira maluwa anu aja, amene ine ndinatsala pang'ono kuwapha.

Musaganize kuti ndamusunga chifukwa chosungulumwa. Ine sindisungulumwa, ndili ndi wailesi. Chikho tikumwerachi ndi cha mkazi wanga Nélida, chija chinakhala pamwamba pa kabati chimwalirireni iye. Ndinachitsitsa chifukwa changa chinang'aluka, basi, palibe china. Kungoti ndinali nditaiwala kuti m'mawa munthu amatha kumwa yerba n'kukhala ndi womupatsira.

Mundiperekere moni kwa mwana wanu Mabel ndi mwamuna wake wosaseka uja, ndi zidzukulu zonse. Cacho akuti moni, akuti mukadali ndi mwayi womukwatira. Wilmer akupereka moni mwaulemu, ndipo wafunsa kale kangapo ngati mumakonda yerba wothira shuga kapena wowawa. Ndamuuza kuti wowawa, ngati mwini wake.

Mukafika adzathira ndi iyeyo. Adzamwa iye, kenako inu. Timipango mutisiye ku Vigo komweko, achemwali. Kuno kukutentha, kulibe chimfine.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Evaristo