Ng'ombe ya pa Maliro a Bambo

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno ku Mzimba tilipo, mvula yokha ndiyo yachedwa.

Pa maliro a bambo ku Edingeni anandipatsa mpeni kuti ndiphe ng'ombe, poti ndine mwana woyamba. Ndinakana. Chiyambire kutsata chiphunzitso cha Buddha, chimene ndinaphunzira kwa mnzanga wa ku Ceylon tikugwira ntchito ku Chikangawa, sindipha ngakhale nkhuku. Akuluakulu anangoyang'anana.

Chifukwa cha kukanako, tsopano kwamveka mphekesera yoti ndalowa mpingo umene boma linaletsa uja. Dzulo anyamata a chipani anandipeza nditakhala chete, nditatsinzina. Anati, "Mukupemphera kwa ndani, dada?" Ndinati palibe. Sanaseke.

Buddha amati zonse zimatha. Nyumba ya a Yotamu a m'mudzi mwathu muno, amene anthu anawanenera zomwezi, inathadi ndi moto.

Kodi mkazi wanga Esime ndi ana angabwere kudzakuonani? Mwina akhalitsako.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Bennet Jere