Chidindo Chachisanu

Lolemba, 10 Malichi

Ndapitanso ku ofesi ya boma yoona zantchito. Miyezi isanu ndi iwiri chiilamulireni kampani yathu kuti ipereke mapepala anga, kampani ili phee. A Kurihara, ofufuza nkhani yanga, akuti kalata yoikakamiza inalembedwa, koma imafuna zidindo za mabwana asanu. Zadindidwa zitatu. Anawerama popepesa mpaka ndinaona dazi lonse.

Ndawakumbutsa kuti pa 31 kampani imagaya mapepala akale. Momwemo muli pepala limene abwana anga analembapo za ine ndi dzanja lawo, "Ali ndi khanda, mutsitseni paudindo." Tomoe wa ku ofesi yolemba anthu ntchito analiona, koma umboni akuopa. Sindikumuda.

Lachinayi, 13 Malichi

Zaka khumi ndikuyang'anira anthu, lero ndikuyang'anira makatoni m'chipinda chapansi. Pepala lija lili m'katoni 14. Ndimaidutsa tsiku lililonse.

Lachitatu, 19 Malichi

Kalata yabwezedwa. Ati chidindo chachinayi chinadindidwa choongoka, pomwe chimayenera kupendekera kumanzere ngati chikuweramira cha bwana wamkulu. Ayambirenso. Ndinaseka pafoni, kenako ndinakalirira m'chimbudzi.

Lamlungu, 23 Malichi

Amuna anga akuti ndingong'amba tepi ya katoniyo nditenge pepalalo. Kuyankhula n'kosavuta. Kumeneko n'kuba, andichotsa tsiku lomwelo, ndipo aliyense adzati ndinali wakuba kuyambira kale. Ndatopa.

Lachinayi, 27 Malichi

A Kurihara akusamutsidwa, monga amasinthirana Epulo aliyense. "Musadandaule, Mayi Nagamine, wobwerayo ndi wakhama." Ndinati zikomo. Zikomo wa chiyani kaya.

Lolemba, 31 Malichi

Galimoto yogaya mapepala yafika m'mawa. Fomu yotulutsira makatoni imafuna chidindo cha wosunga chipinda. Wosungayo ndine.

Ndinachedwetsa. Ndinati inki yauma, ndinawerenga makatoni kawiri, ndinaimbira a Kurihara koma anali kuphwando lotsanzikana. Abwana anga anatsika n'kuima pakhomo.

"Dindani apa, amayi, tili ndi kwina kopita," anatero dalaivala.

Ndinadinda, makatoni onse n'kupita, ndi 14 yomwe. Chimodzi chokha chinakwanira, ndipo palibe anayang'ana ngati chapendekera.

Lachitatu, 2 Epulo

Waimba foni wolowa m'malo mwa a Kurihara, mtsikana wa mawu ansangala, dzina lake Hayase. Chachisanu chadindidwa m'mawa uno, ati mawa akubwera kudzatenga mapepalawo.

"Katoni yake mukuidziwa, mayi?"

Ndinati 14. Ndinamumva akulemba.