Tsamba la Akamwini

Lachitatu, 9 Julayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumgodi kwanuko, inu, akazi anu ndi mwana wanu, Kamaso wathu. Foni yanu ndaimba mpaka chala kutopa, akungondiyankha mayi uja woti nambala siikupezeka. N'chifukwa chake ndapempha dalaivala wa lole ya simenti yobwera kumeneko kuti akupatseni kalatayi pamanja. Musanawerenge zina zonse, mvetsetsani ichi: ngati m'nyumba mwanu muli masamba ouma ochokera kwa amayi, Kamaso asamwenso ngakhale supuni imodzi. Chifukwa chake ndikuuzani, koma imitsani kaye zimenezo.

Amayi agonekedwa m'chipatala. Ndikulemba nditakhala pabenchi kunja kwa wodi, pepala lili pabondo, ndiye musadabwe zilembo zikamayenda mokhota. Mutawaona simungawazindikire. Mimba yatupa ngati ya mayi woyembekezera, manja atsala mafupa okhaokha, maso ali chikasu. Dzulo anamwino anawachotsa madzi m'mimba, lero yayambanso kudzaza. Adokotala akuti ndi chiwindi. Atandifunsa ngati amayi amamwa mowa ndinachita kuseka, amayi omwe aja osalola ngakhale botolo lopanda kanthu kulowa pabwalo. Kenaka anandifunsa chimene amamwa tsiku ndi tsiku. Ndinati palibe, koma tiyi wawo wa masamba basi. Adokotala anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

Ntchito ya amuna anga, alamu anu, mukuidziwa, ija mumawaseka nayo kuti ndi sing'anga wovala jasi loyera. Ku labu kwawo amapera masamba, kuwaviika m'mabotolo, n'kumafufuza zimene zili m'kati mwake. Chaka chatha anali pa chomera china chotchedwa yupatoriyamu, cha masamba a manomano m'mbali ngati sowo ndi timaluwa toyera tounjikana. Zitatsala mbande anabwera nazo kunyumba n'kubzala m'zitini pakhonde, ati zikongoletse pakhomo. Nthawi imeneyo n'kuti amayi atangobwera kudzakhala nafe chifukwa cha chifuwa chawo chosatha chija.

Tsiku lina masana tili pakhondepo, amayi anathyola tsamba n'kutafuna. Mukuwadziwa, chomera sichiwadutsa osachilawa. Nkhope yonse inakwinyika.

“Akamwini, chowawa chonchi n'chiyani?”

“Amenewo, amayi, muli mankhwala ambirimbiri,” anatero alamu anu, ali kalikiliki kumanga nsapato. “Ife kuntchito sitinathe n'kuwawerenga komwe. Kumaiko ena anthu ankamwa akadwala chifuwa kapena thupi likatentha.”

Galimoto la kuntchito linaliza hutala pamsewu, iwo n'kuthamanga. Nkhani inathera pomwepo.

Achimwene, tsoka lonseli lagona pa liwu limodzi limenelo. Kuntchito kwa alamu anu chilichonse ndi mankhwala. Otsukira mabotolo ndi mankhwala, oti akakudonthera amaboola malaya ndi mankhwalanso. Ngakhale ife, a makoswe timati mankhwala, ophera mbozi m'munda timati mankhwala. Iwo ankanena zinthu zimene zimapezeka m'tsambamo, zabwino ndi zoipa zomwe. Koma kwa munthu amene wakhosomola chaka chathunthu, mankhwala ndi chinthu chimodzi basi. Ndipo amene wanena ndi mkamwini wophunzira, ndani akamufunsenso kachiwiri?

Amayi anadula timitengo n'kubzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi. Chomeracho sichivuta, chinakula ngati chalipidwa. Ankayanika masamba pathumba, kuwasunga m'chitini cha mkaka, n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. Dzina lachizungu lija linawakanika, anangoti tsamba la akamwini, ndipo anzawo a pamzere wathu onse analimva dzinalo. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti chifuwa chinachepadi. Kutentha thupi kunasiya, anayamba kugona bwino, ife n'kumathokoza Mulungu. Alamu anu amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa, akaona kapu m'manja mwa amayi ankayesa tiyi wamba. Madzi ake ndinkawiritsa ndine. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina.

Nditawauza alamu anu zimene adokotala anafunsa, anakhala pansi penipeni, pasimenti ya m'chipatala, anthu akuwalambalala. Ndinawakoka dzanja ndili ndi mkwiyo.

“Dzukani mundiuze. Si inu munati ndi mankhwala?”

“Ndinatero,” anayankha. “Owawa ajawo ndi amene amatsitsa kutentha thupi, zimenezo n'zoona. Koma m'tsamba lomwelo mulinso ena, timawatcha ma alukaloyidi. Chiwindi chikamayesa kuwaphwanya chimadzivulaza chokha, timitsempha take timatsekeka pang'onopang'ono. Kumwa kamodzi munthu sangaone kanthu. Koma tsiku ndi tsiku, miyezi yonseyi...”

Ine ndinafuna kuwamenya ndi chikwama, koma ndikanamenya ndani? Munthu sananame. Akulu anati tsoka silinunkha, ife lathu linachita kutulutsa maluwa pakhonde.

Tsiku lomwelo alamu anu anakazula zomera zonse, za m'zitini ndi za kuseri, n'kuziwotcha. Anayenda khomo ndi khomo pamzere wathu kufunsa amene amayi anawagawira. Mayi wina wogulitsa makala anakana kupereka masamba ake, ati akamwini ayamba nsanje poona kuti anthu akuchira osapita kuchipatala. Anachita kumugwadira. Kuyambira pamenepo alamu anu sadya, ndipo muwodi salowa. Amafika nthawi yoona odwala, kuima pawindo, kusuzumira, n'kubwerera.

Amayi sindinawauze kuti tsambalo ndilo lawavulaza. Ndiweruzeni mmene mungafunire, koma pakamwa pakundilemera. Tsiku lililonse amandifunsa, “Akamwini ali kuti? Uwauze abwere ndi tsamba lija. Mankhwala a kunowa ndi madzi okhaokha, sakuwawa n'komwe, angachize ndani?” Dzana ndinawaphikira tiyi wamba wakuda bii, wopanda shuga, n'kuwauza kuti ndi lomwe lija. Analawa kamodzi n'kundibwezera kapu. “Iwe, ndinakubala ndine. Usandinyenge.” Ndinatuluka kukalirira kumpopi wotsukira mbale, pamene aliyense amakhala ndi nkhope yonyowa.

Adokotala sanandibisire. Akuti chiwindi chawonongeka kwambiri, iwo angochepetsa ululu ndi kuchotsa madziwo. Anandifunsa ngati amayi ali ndi ana ena, ndipo nditati alipo mmodzi kutali, anati ndibwino adziwe. Inu ndinu wamkulu, mukudziwa tanthauzo la mawu otero.

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa cholembera. Lero m'mawa ndikuwapukuta kumsana, amayi anandifunsa mwadzidzidzi:

“Kodi Kamaso chifuwa chija chinatha?”

“Kaya, amayi. Bwanji?”

“Chinatha basi. Ndinamutumizira tsamba lodzaza jumbo, amake atabwera kudzandiona kuzizira kusanayambe. Ndinawauza kuti m'mawa ndi madzulo, azithira shuga wambiri kuti mwana asalavule.”

Thaulo linandigwa m'manja. Ndinafunsa ngati inu mukudziwa.

“Ameneyo? Ndinati asamuuze. Amanyoza za masamba kuyambira ali mwana, akanangotaya. Akadzaona mwana wachira ndiye adzadziwa kuti amake si opusa.”

Anamwetulira, achimwene. Chigonekedwereni sanamwetulirepo, koma pamenepo anamwetulira ngati munthu amene wasiya chuma. Ndinathamangira pawindo pamene panali alamu anu. Ndinangofunsa kuti nanga mwana wa zaka zinayi. Anati chiwindi cha mwana n'chaching'ono, sichichedwa ngati cha munthu wamkulu. Ndiwo anamupeza dalaivala wa loleyu, ndipo kuseri kwa pepalali alemba dzina lenileni la chomeracho ndi la poizoni wake m'zilembo zikuluzikulu, kuti mukaonetse kuchipatala cha kumgodiko. Musadikire tsiku lopuma. Mwanayo akaoneka wosewera bwino musakhulupirire, amayinso ankaseka ndi kusesa pabwalo mpaka mwezi watha.

Ndikupempheni chinthu china. Akazi anu musawakalipire. Mtima wanu ndimaudziwa, umayaka ngati udzu wouma. Iwo anangomvera apongozi awo, monga ine ndinamvera amayi anga, monga amayi anamvera akamwini awo. Mukawaopseza abisa, ndipo simudziwa kuti mwana wamwa wochuluka bwanji. Afunseni mofatsa kuti anayamba liti ndipo m'jumbomo mwatsala otani. Otsalawo musataye kudzala, mupite nawo kwa adokotala.

Mukatha za mwana, bwerani. Sindikudziwa ngati mudzawapeza akulankhula, koma bwerani. Mukafika mudzawagwire dzanja alamu anu, chifukwa ine pakali pano zikundikanika.

Perekani moni kwa akazi anu, muwauze kuti sindinawasungire kanthu kumtima. Alamu anu sanapereke moni, ati alibe nkhope yoperekera. Amayi ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ati musavutike n'kubwera, iwo achira akangomwa tsamba lawo. Atinso muwapsompsonere Kamaso wawo, mumuuze kuti agogo amene anamupatsa dzinalo akufuna kudzaonanso maso ake aakulu oyera ngati mkaka aja.

Mumupsompsone ndithu, achimwene. Koma yambani mwatuluka naye panja poyera, mumutsitse chikope ndi chala, muwayang'anitsitse masowo.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi