Galimoto Yanga Inalengeza Maliro a Munthu Wamoyo

Aphungu,

Ndine bambo wa ku Kabwata, ndimagwira ntchito m'boma. Nkhani yangayi anzanga a ku ofesi akuiseka mpaka kutuluka misozi, koma kunyumba kwanga palibe amene akuseka. Loweruka likubwerali apongozi anga aamuna akutuluka m'chipatala, ndipo banja lonse lakana kuti akwere galimoto yanga.

Galimotoyo ndinaigula chaka chatha kwa mzungu wina wa ku ofesi ya kazembe ku Kabulonga, amene ankabwerera kwawo. Ndi chigalimoto cha ku Amereka, chiwongolero chake chili kumanzere, ndipo pageti panga chimalowa mochita kunyengerera. Ena ankaiopa chifukwa cha mafuta ndi masipeya, koma ine ndinalimba mtima pa chifukwa chimodzi. Apongozi angawo, bambo Abson a ku Chilenje, amadwala mtima, ndipo ndinatopa kuwaona akukankhana ndi anyamata pakhomo la minibasi popita kuchipatala. Bamboyu anandipatsa mwana wake Tryness ndilibe ngakhale jekete. Ndinafuna kuti nayenso akhaleko pampando wofewa.

Popereka makiyi, mzunguyo anandiuza monyadira kuti nyali za galimotoyi zimayaka zokha kukada, ndipo zimazima zokha kukacha. Miyezi yoyamba zinkaterodi. Apongozi aakazi anaikonda kwambiri galimotoyo, mpaka anandilukira nsalu yaitali ya ulusi wobiriwira, ija amaphunzitsana ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, nayiyala okha padashibodi kuti dzuwa lisaing'ambe. Tinali osangalala tonse.

Mvula itayamba, nyalizo zinapenga. Kamtambo kakangodutsa, zayaka. Ndikalowa pansi pa mitengo ya jakaranda ku Woodlands, zayaka, dzuwa lili paliwombo. Ine m'kati sindidziwa kanthu, ndimangoona abambo m'mbali mwa msewu akuvula zipewa, amayi akuima ndi mitolo pamutu. Inu mukudziwa, muno mu Lusaka galimoto yoyatsa nyali masana ndi ya maliro, apo ayi ya akuluakulu. Tsiku lina msilikali wa parodibuloko anandisuzumira n'kufunsa kuti, "Ba mudala, mwayasha malaiti muzuba, muli na malilo olo ndimwe ba Minisita?" Ndinangoseka naye. Sindinadziwe kuti zidzandigwetsa m'mavuto.

Zoopsa zinachitika Lachiwiri lapitali. Bambo Abson akhala ali m'chipatala kuyambira mwezi watha, ndipo Tryness ndiye wakhala akuwadikirira. Tsikulo adokotala anati apeza bwino, atuluka Loweruka. Ndinanyamula Tryness kuti tikapereke uthenga wabwinowu kwa mayi ake. Kunja kunali mitambo. Iye, chifukwa cha kutopa, anadzifunditsa chitenje kumutu n'kutsamira zenera. Ine ndinkayendetsa pang'onopang'ono chifukwa msewu wa kwawo uli ndi maenje odzaza madzi. Nyali zinali zitayaka, ine osadziwa.

Aphungu, taganizani zimene mayi aja anaona ali pakhonde akusankha nyemba. Galimoto ya mkamwini ikuchokera kuchipatala, ikukwawa, nyali zili ngwee, mwana wawo wafunda kumutu. Anaponya lichero, anadzigwetsa pansi n'kulira kuti, "Mayo ine, atate ake Tryness andisiya!" Mayi Regina a nyumba yoyandikana nawo analandira kulirako, ena analandiranso. Pamene ndinkazimitsa injini, abambo anali atayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba, ndipo tcheyamani wa Chipani wa sekishoni yawo anali akufunsa za nkhuni ndi tenti. Ndinafuula kuti ali moyo, koma mawu anga anamira. Mpaka Tryness anagwira mayi ake kumaso ndi manja onse awiri n'kuwauza kuti, "Amama, atate bali bwino, badya na kudya, babwela pa Chibelu, Loweruka lomwe lino!" Mayiwo anangoti kukamwa yasa. Tsiku lonselo sanadzuke pamphasa.

Mbiri inali itathawa kale. Mkulu wina wa mpingo anathamangira kuchipatala kukaona za mtembo, n'kupeza mwini mtembo akumwa tiyi. Bambo Abson atamva zonse anati, "Mukamuuze mkamwini wanga kuti galimoto yake yandiika kale m'manda. Ine ndibwera pa basi." Mawu amenewa akundipweteka kuposa chilichonse.

Tsopano apongozi aakazi akuti galimotoyo ili ndi malodza, mwina mzungu uja anagunda nayo munthu. Tryness akungoti, "Atate ake Helen, gulisani chabe, tinali kunkala bwino na mendo yatu." Ndinapita nayo kwa makanika wina ku Kamwala, ba Chibesa, iwo anasuzumira pansi pa chiwongolero n'kunena kuti, "Bosi, iyi motoka ili na nzelu maningi. Tijube chabe mawaya yonse, tiike swichi ya lole."

Kodi ndilole adule mawayawo? Ndigulitse? Kapena ndiitane abusa adzaipempherere? Ine sindikhulupirira za malodza, koma ndikaikumbukira nkhope ya mayi aja, galimotoyo ndimaiyang'ana mokayika. Ndithandizeni Loweruka lisanafike.

M. T. B.
Kabwata, Lusaka

A M. T. B.,

Nanenso ndinaseka pamene ndinafika pa mkulu wa mpingo ndi tiyi uja, ndikhululukireni. Koma nditabwerera pa mayi wogwa pansi ndi lichero, kuseka kunatha. Muli ndi mavuto awiri, la galimoto ndi la anthu. La galimoto ndi laling'ono, tiyambe ndi limenelo.

Ine si makanika, choncho kalata yanu ndinakaiwerengera a Davies, amene amakonza magetsi a magalimoto a akazembe. Akuti galimoto zoterezi zili ndi kadiso kakang'ono ngati batani la malaya, pamwamba pa dashibodi, kufupi ndi galasi lakutsogolo. Kadisoko n'kamene kamayeza kuwala. Kakaona mdima kamayatsa nyali, ndipo sikadziwa kusiyanitsa mdima wa usiku ndi mdima wa chinthu chimene chakaphimba. Tsopano werenganinso kalata yanu. Mwati mvula ndiyo inapengetsa nyali, koma mvula isanayambe, kodi padashibodi panayalidwa chiyani? Nsalu yoluka ili ndi mabowo. Dzuwa likaswa mtengo, kuwala kumalowabe m'mabowomo ndipo kadiso kamakhutira. Kukangobwera kamtambo kapena mthunzi wa jakaranda, iko kamati kwada.

Mawa masana imikani galimoto padzuwa, chotsani nsaluyo, lizani injini. Mukapeza kadisoko, kapukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, chifukwa fumbi la Lusaka nalonso limakachititsa khungu. Onaninso ngati pagalasi pamwamba pake simunamatepo chikwangwani chilichonse. Kenako kaphimbeni ndi chikhato, mudikire pang'ono, nyali ziyaka. Chotsani dzanja, zizima. Zikatero ndiye kuti galimoto yanu ilibe matenda, ilibenso malodza.

Akutinso pafupi ndi swichi ya nyali pali kachitsulo kokankha kapena kopotokola. Mbali imodzi kamachedwetsa kuzima kwa nyali mukatsika, mbali inayo kamazimitsiratu nzeru yonseyi, nyali n'kumamvera dzanja lanu basi. M'dziko limene nyali za masana zimalankhula, ine ndikuti kakankhireni kozimitsako ndipo kakhale komweko. Mzungu uja kwawo nyali ndi nyali chabe, kuno ndi uthenga.

Zikapitirira kuvuta kadiso kali poyera, mwina kabokosi kake katopa kapena waya wina wakhwepa. Pamenepo pitani kwa wodziwa magetsi a galimoto akangozula pulagi yake. Ba Chibesa musawalole kudula kanthu. Masiku ano ngakhale fyuzi timaisaka tauni yonse, nanga mawaya a galimoto ya ku Amereka mudzawapeza kuti? Kugulitsa nako ayi. Munaigula ndi mtima wabwino, ndipo ntchito imene munaigulira sinathe.

Tsopano la anthu. Chonde musathamangire ku Chilenje ndi nsalu ija m'manja kukanena kuti, onani amayi, ndinu munalakwitsa. Mayi ameneyu walira kale mwamuna wake kamodzi sabata ino, musamusenzetsenso mlandu. Pitani ndi Tryness, mukhale pansi, mupepese. Simunachite dala, koma galimoto ndi yanu ndipo mantha anawagwira ndi enieni. Akamasuka, atengereni kugalimoto, aike chikhato chawo pa kadiso kaja, aone nyali zikuyaka, achotse, aone zikuzima. Munthu saopa chinthu chimene chamvera dzanja lake. Nsaluyo apempheni kuti aiyale okha pampando pamene bambo adzatsamire mutu. Akafunsa chifukwa chake musaname, auzeni kuti kadisoko kamafuna kuona kumwamba. Abusa akafuna kupemphera, apemphere ndithu, koma apempherere mayi ndi bambo, galimoto ikungofuna kupukutidwa.

Bambo Abson musawatumizire uthenga, pitani nokha Loweruka lisanafike. Ndikuganiza kuti nkhani yawo si galimoto kwenikweni. Munthu wodwala mtima wagona pabedi la chipatala, n'kumva kuti kunyumba kwake mipando inatuluka kale panja ndipo nkhuni zinali m'njira. Waona mmene zidzakhalire iye kulibe, ndipo waona kuti sizidzatenga nthawi. Zimenezi zimaopsa, ndipo bambo wachikulire sanganene kwa mkamwini kuti ndachita mantha, amangoti ndibwera pa basi. Musakawafotokozere za kadiso ndi mawaya poyamba. Auzeni chifukwa chimene munagulira galimotoyo, monga mwandiuzira ine, pakuti ndikukayika ngati munawauzapo. Auzeninso mmene mkazi wawo anawalirira. Si amuna ambiri amene amamva zimenezi ndi makutu awo.

Akakanabe, musakangane nawo. Siyani galimoto ku Kabwata, mukakwere nawo basi, chikwama chawo chili m'manja mwanu. Chimene mukufuna ndi kuwafikitsa kunyumba, ndipo ulendo wotsatira wa kuchipatala mwina adzakuitanani okha.

Chenjezo langa ndi ili. Mukazimitsa nzeru ya galimotoyo, kukumbukira kuyatsa nyali kukamada ndi ntchito yanu, musadzagunde mwana wa eni chifukwa munazolowera kuchitiridwa. Ndipo swichiyo muisamale. Mayi aja analira osafunsa chifukwa akudziwa zimene inunso mukudziwa, kuti bambo Abson ndi achikulire ndipo mtima wawo watopa. Tsiku lina, Mulungu alitalikitse, mudzalowa mumsewu wa maenje uja masana nyali zikuyaka. Tsiku limenelo mudzaziyatse nokha, ndi dzanja lanu. Loweruka lino zikhale zozima, bambo akhale kutsogolo, zenera lotsegula, ndipo mukangokhota pakona muimbe hutala mpaka mayi Regina atuluke.

Aphungu